Musamulande Kompyuta Mwanayo, Akuwerenga

Abale ndi alongo a m'gulu lino, sabata ino sindinabwere ndi ndakatulo kapena nthano. Ndabwera ndi ndewu, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukhala mbali ya mlongo wanga. Khalani ndithu, koma mundimve kaye.

Mwezi wathawu mlongo wangayo anandiimbira foni usiku. "Achimwene, bwerani mudzamulande kompyuta mphwanuyu, ine ndalephera. Mnyamata wa Fomu 3 kumangokhala pampando maola atatu kuyang'ana mitambo yabodza, mayunitsi a magetsi akutha. Ukamuitana kudzadya nsima akuti dikirani amayi, ndikutera. Akutera kuti? Pabalaza panga?" Ine monga mwinimbumba ndinanyamuka Loweruka lake nditakonzeka kukalanda. Ndinabwerako chimanjamanja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikamva munthu akunena kuti zimenezi ndi masewera a ana, mutu umandiwawa.

Kwa inu amene simunazionepo, nkhani yake ili motere. Pali mapulogalamu a pakompyuta oyerekezera kuulutsa ndege. Otchuka kwambiri ndi Microsoft Flight Simulator, imene inatuluka koyamba mu 1982, ndi X-Plane ya Austin Meyer, imene inayamba mu 1995. Mapulogalamuwa amabwera ndi ndege zawozawo, koma zambiri mwa ndegezo n'zophweketsedwa: mabatani ena ndi okongoletsa chabe, ukawadina palibe chichitika. Ndiye pali anthu ena, makampani ang'onoang'ono ngakhalenso anthu wamba, amene amapanga ndege zowonjezera zoti uike pamwamba pa pulogalamuyo, zimene amazitcha ma add-on. Iwowa amatenga ndege imodzi yonyamula anthu, kaya Boeing 737, kaya Airbus A320, n'kuimanga mwatsopano m'kompyuta, waya ndi waya, pampu ndi pampu, kuti izichita monga ichitira yeniyeniyo. Mphwangayu ali ndi X-Plane 11 pa kompyuta yakale imene msuweni wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg, ndipo anaikamo Boeing 737-800 yokonzedwa ndi munthu wodziwika ndi dzina loti Zibo. Ndege ya mtundu womwewu ndi imene mumaiona pa Kamuzu International Airport itapakidwa mitundu ya Malawi Airlines.

Nditafika ndinati, "Iwe, ulutsa tione zimene zikukuiwalitsa nsimazi."

Iye anati, "Amalume, khalani pansi. Zitenga kanthawi."

Ine ndinkayembekezera kuti adina batani limodzi, ndege fuuu m'mwamba, monga zimakhalira m'magemu a pafoni. Ayi ndithu. Pa sikirini panali chipinda cha oyendetsa ndege chili bii, chozizira, chopanda nyali ndi imodzi yomwe. Anayatsa batire. Analiza APU, kainjini kakang'ono ka kumchira kamene kamapereka magetsi ndi mphepo yamphamvu yolizira injini zikuluzikulu. Kenako anapotokola timabatani tiwiri ta kudenga, n'kulemba manambala a malo amene ndege yaima, n'kupinda manja.

"Ndiye tikudikira chiyani?"

"IRS ikumvetsera dziko, amalume."

Ndinaganiza kuti mwanayu wayamba chipongwe. Koma anandifotokozera, ndipo nditabwerera kwathu ndinakafufuza ndekha n'kupeza kuti sananame. Ndege imeneyi isananyamuke imayenera kudziwa kumene kuli kumpoto kwenikweni. Muli zipangizo ziwiri zimene zimamva kuzungulira kwa dziko lapansi, ndipo pamene zikumvetsera choncho ndege isasunthe, ikangosuntha ziyambiranso. Kufupi ndi equator zimamaliza msanga, mphindi 5 kapena kuposerapo pang'ono, pamene kumayiko a kumpoto kwambiri zimatha kufika mphindi 17. Choncho ndege yoima ku Lilongwe imadzuka msanga kuposa yoima ku Oslo. Amene akundiuza zimenezi ndi mwana amene amake akuti sawerenga. Pambali pa kiyibodi panali kope lachikuto cholimba, lodzaza mpaka kumapeto ndi zolemba zake: manambala, mivi, mawu a Chingerezi ndi matanthauzo ake. Kope la History silinafike ndi theka lomwe, chimenecho sindibisa.

Atamaliza kulemba njira yonse ya ulendo m'kakompyuta ka m'ndegemo, anandipatsa mpando kuti ndilize injini ndine. Anandipatsa ndandanda wa zoyenera kuchita, umene amautcha checklist, n'kundiuza kuti ndiziwerenga mzere uliwonse mokweza. Kuliza injini ya 737 si kupotokola kiyi ngati minibasi. Umayamba watseka mphepo yopita kwa okwera kuti yonse ipite kukazunguza injini. Umayang'ana nambala yotchedwa N2, ikafika 25 peresenti ndiye ulowetse mafuta. Ukafulumira, injini imatentha mopitirira muyeso. Zonsezo ndinachita bwinobwino, mpaka ndinayamba kudzimva. Ndiye poti ukulu umabwera ndi phuma lake, ndinadumpha mzere umodzi. Ndinaona kuti mwanayo waona, koma anangokhala chete, kamwa ili mwee.

Tinanyamuka pa Lumbadzi, iye atagwira kandodo koyendetsera. Patangopita mphindi zochepa m'chipindamo munayamba kulira kachipangizo kochenjeza, pii pii pii, kosalekeza. Ndiye kuti mzere ndinadumpha uja unali wobwezeretsa mphepo kwa okwera. Ndege inali ikukwera koma m'kati simunkapopedwa mpweya, ndipo mpweya wa m'katimo ukapepuka kufika ngati wa pamtunda wa mafiti 10,000 (sindikunena ouluka palichero aja ayi), 737 imakuwa. Mwanayo anakonza, kenako anati, "Amalume, mukanakhala kaputeni anthu akanakomoka kumbuyoku. Mukudziwa za Helios?"

Sindinkadziwa. Pa 14 August 2005, Boeing 737-300 ya kampani ya Helios Airways inanyamuka ku Larnaca, m'dziko la Cyprus, kulowera ku Athens. Batani loyang'anira mpweya wa m'kati linasiyidwa pa manual, ndipo oyendetsa sanaone. Chochenjeza chitalira iwo anaganiza kuti ndi chenjezo lina, la ndege imene sinakonzekere bwino kunyamuka, chifukwa machenjezo awiriwa ankalira mofanana. Anakomoka posowa mpweya, ndege inapitirira kuuluka yokha mpaka mafuta anatha, n'kugwa m'mapiri a kufupi ndi Grammatiko. Anthu onse 121 anafa. Mwana wa zaka 16 akudziwa nkhani imeneyi, akudziwa batani lake lili pati, akudziwa chifukwa chake checklist saidumpha. Inu mukuti akusewera.

Tsopano ndiyang'ane kwa inu, alembi anzanga. Sabata ndi sabata m'gulu lino timalira maliro amodzimodzi: achinyamata a masiku ano sawerenga, foni yawameza, chikhalidwe chowerenga chinafa. Timalira mpaka mawu kusasa. Koma tikapeza mwana amene akuwerenga buku la masamba oposa 1,000, mosakakamizidwa, popanda mayeso kutsogolo, timati alandidwe kompyuta, chifukwa buku lakelo si la mtundu umene ife timaulemekeza. Eti? Kuwerenga ndi pokhapokha pamene pali mnyamata ndi mtsikana okondana amene makolo akuwakaniza?

Imodzi mwa makampani otchuka kwambiri pa ntchito yopanga ndegezi ndi PMDG, imene Robert Randazzo anaiyambitsa mu 1997. Dzina lake lonse ndi Precision Manuals Development Group. Onani liwu lachiwirilo. Anthuwa sanayambe ndi kugulitsa ndege, anayamba ndi kugulitsa mabuku a malangizo a kayendetsedwe ka ndege. Ndegezo zinabwera pambuyo. Ndipo pamene anatulutsa 737 yawo ya mu 2011, inabwera ndi mabuku enieni a Boeing, omwewo amene oyendetsa enieni amaloweza. Ndege yotereyi ndi buku limene limakufunsa mafunso. Ukanama kuti wawerenga, limakugwira pompopompo. Ndi buku liti la pashelefu yanu limene limalira pii pii mukadumpha tsamba?

Ndipo taonani zimene mwana amatola m'njiramo osadziwa. Kuti adziwe poyambira kutsika, amachulukitsa: pa mafiti 1,000 alionse amafunika mamailosi atatu a panyanja, choncho ali pa 35,000 ayambe kutsika kutatsala mamailosi 105 kapena kuposerapo. Kuti adziwe V1, liwiro limene ukalipitirira sungaimenso, uyenera kunyamuka basi ngakhale injini imodzi itazima, amayenera kuwerengera kulemera kwa ndege, kutentha kwa tsikulo ndi kukwera kwa bwalo. Bwalo la ku Lumbadzi lili pamtunda wa mafiti oposa 4,000, la Chileka pafupifupi 2,500, ndipo masana a October mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuti idzuke. Amadziwa kusiyana kwa makilogalamu ndi mapaundi, ndipo amadziwa kuti mu July 1983 Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta ili m'mwamba chifukwa anthu anasokoneza ziwirizi, n'kukatera pa Gimli injini zonse zili zii. Amawerenga malipoti a nyengo olembedwa m'zilembo zachidule zimene ine ndinaziona ngati mankhwala a kuchipatala. Akapeza bandulo amalowa pa VATSIM, kumene kuyambira 2001 anthu enieni a m'mayiko osiyanasiyana amakhala ngati olondolera ndege a pansanja, ndipo amalankhula nawo Chingerezi chachidule, chosazungulira, kubwereza lamulo lililonse monga walimvera. Mnyamata yemwe pamaso pa alendo amachita manyazi kupereka moni.

Ena mwa inu mukuti, "Chabwino, koma phindu lake n'chiyani? Akhala payiloti?" Funso limeneli likamachokera kwa wogulitsa matabwa ndimalimvetsa. Likamachokera kwa munthu wolemba ndakatulo, aaa, koma abale. Inu amene mwakhala mukufunsidwa moyo wanu wonse kuti zolembalemba zanuzo zimabweretsa zingati, lero mwatola ndodo yomweyo kuti mumenyere mwana? Tinawerenga mabuku a apolisi ofufuza milandu, sitinakhale apolisi. Ndipo ife a zaka zathuzi tisadzinamize. Tinakula tikupanga galimoto za mawaya, ndipo pabwalo panali malamulo ake. Galimoto yongokhala ndi maonekedwe inali ya ana aang'ono. Ulemu unkapita kwa uja amene galimoto yake chiwongolero chinkakhotetsadi mateyala, yokhala ndi masipuling'i onyutuka pabampu, mwinanso nyali za mababu a tochi. Palibe anatiuza kuti tizichita zimenezo. Mtima wofuna kuti chinthu chifanane ndi chenicheni mpaka m'kati, osati pakhungu pokha, ndi womwewu uli mwa mphwangayu. Kungoti waya wake ndi wina.

Musaganize kuti ndabwera kudzaimbira m'manja aliyense wa m'dziko la ndege za pakompyutali. Mulinso akathyali, ndipo ngati mwana wanu ali m'zimenezi muyenera kuwadziwa. Pali mawu awiri amene ogulitsa amakonda kumata pa katundu wawo, akuti study level, kutanthauza kuti ndegeyo ndi yeniyeni moti ungaphunzirirepo. Mawu amenewa alibe mwini. Palibe bungwe limene limayesa ndege n'kuipatsa chizindikiro chimenecho, aliyense amangodzilembera. Ena amakugulitsa ndege yonyezimira kunja, misomali yonse ikuoneka, utoto wochita kuthetheka, koma ukalowa m'kati upeza zipangizo zabwerekedwa ku ndege ina imene inabwera kale ndi pulogalamu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muyeso wake ndi wosavuta: lakwitsa dala, uone ngati ndegeyo ikulange. Zimitsa pampu imodzi, tseka mphepo, iwala kanthu. Ikangopitirira kuuluka mosangalala ngati palibe chachitika, wagula chithunzi.

Ndipo ngakhale opanga zabwino ena anachitapo zonyansa. Mu February 2018 zinadziwika kuti kampani ya FlightSimLabs inabisa, m'pulogalamu yoikira A320 yawo, kachipangizo kotha kutulutsa mapasiwedi osungidwa mu Chrome. Mkulu wa kampaniyo, Lefteris Kalamaras, anati cholinga chinali kugwira akuba amene ankagawa ndegeyo mwachinyengo, ndipo kachipangizoko anakachotsa anthu atakwiya. Koma kanali katalowa kale m'makompyuta a anthu amene analipira ndalama zawo moona mtima. Kuba pulogalamu n'kuba, sindikuikira kumbuyo, ndipo achinyamata athu okonda zokopera aja amve. Koma wogulitsa amene amalowetsa mbava m'nyumba ya kasitomala aliyense pofuna kugwira mbava imodzi, ameneyo wataya ufulu wotilalikira.

Za mitengo ndiye musachite kunena. 737-800 ya PMDG ya pa Microsoft Flight Simulator inatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola pafupifupi 70. Pa mtengo wa kubanki wa K1,750 pa dola ndi ndalama zoposa K120,000, ndege imodzi, ndipo nonse mukudziwa kuti dola ya mtengo umenewo kuipeza kwake ndi nkhani ina. Fenix A320 ya chaka chomwecho inali mapaundi pafupifupi 50. Pamwamba pake pali Navigraph, yolipira mwezi ndi mwezi, chifukwa mamapu a njira za m'mlengalenga amasinthidwa masiku 28 alionse. Pulogalamu ya Microsoft ya 2020 payokha imafuna kutsitsa magigabaiti oposa 100, ndiye muwerengere nokha mabandulo. Apa mlongo wanga akanakhala ndi mlandu wogwira, zikanakhala kuti mwanayo akupempha zimenezi. Koma sakupempha. Ya Zibo ndi yaulere. Gulu la anthu odzipereka lotchedwa FlyByWire linayamba mu 2020 kukonza A320neo, n'kuipereka kwaulere, ndipo mu October 2024 linatulutsa A380, yaulerenso, zolemba zake zonse zili poyera kuti aliyense aone mmene anaimangira. Choncho pamene ena amene ali ndi makadi a madola amanyoza anzawo kuti ndege yaulere si ndege, ndimangowaseka. Zenizeni za ndege sizili pa lisiti.

Pali bodza linanso limene ndinaonetsetsa kuti ndalizula mwa mphwanga ndisanachoke, ndipo ngati muli ndi wanu wotere mulizule msanga. Ndi bodza loti amene wadziwa mabatani wadziwa kuulutsa ndege. Ayi. Mpando wa pabalaza sugwedezeka. Thupi silimva ndege ikamatsetsereka cham'mbali, makutu satseka, m'mimba simutembenuka, ndipo kumbuyo kulibe anthu 160 amene ali ndi ana kunyumba. Pali batani loimitsa zonse kuti ukatunge madzi. Zoyerekezera zimene makampani a ndege amaphunzitsira antchito awo, za mulingo wotchedwa Level D, ndi zipinda zathunthu zoima pa miyendo 6 yoyenda, za madola mamiliyoni, zoyesedwa ndi aboma. Maola a pa kompyuta ya kunyumba salembedwa m'buku la payiloti aliyense. Chiphaso choulutsira ndege za malonda chimafuna maola a m'mwamba enieni pafupifupi 200, cha ukaputeni wa ndege zikuluzikulu 1,500, osanena za mayeso ndi madokotala. Mwanayo anandiyankha kuti, "Ndikudziwa amalume, ine ndimangofuna kumvetsa mmene imagwirira ntchito." Yankho limenelo linandikhazika mtima pansi kuposa akanati akufuna kukhala kaputeni. Ndege siiuluka ndi payiloti yekha. Pali amakaniko, okonza mapulani a ulendo, a zanyengo, a pansanja. Ndipo akadzakhala mphunzitsi wa sayansi ku Ntchisi, ana ake adzamva kukoma.

Kumene mlongo wanga akulondola n'kwakuti nthawi imapitadi. Ndege zimenezi sizidziwa chidule. Ulendo wa Lilongwe mpaka Johannesburg ndi maola awiri ndi kanthu m'mwamba, ndipo pa kompyuta ndi chimodzimodzi, kuphatikizapo theka la ola lokonzekera pansi. MSCE siidzafunsa za N2. Zimenezo n'zoona, ndipo mankhwala ake ndi wotchi, osati kulanda.

Ndisanatseke pakamwa, kamodzi aka n'kathu alembi. Chaka chatha ndinawerenga nkhani ya mnzathu wina, sinditchula dzina, mmene woyendetsa ndege "anaponda mafuta" ndege n'kuthamanga, kenako "anaponda buleki" ali m'mitambo kuti aone bwino mudzi wa kwawo. Tonse tinaika timitima, tinati mwalemba bwino akulu. Anthu opanga ndege za pakompyuta aja amatha zaka akufunsa oyendetsa enieni, kujambula kulira kwa injini, kuyeza kuti nyali yakuti imayaka patapita masekondi angati, pofuna kuti bodza lawo likhale loona. Si ntchito yathu yomweyo imeneyo? Ife tikafuna kulemba za chipatala sitipita n'kuchipatala komwe, za khothi timangokopera m'mafilimu. Ndiye tikhale pano n'kumaseka mwana amene amayamba ulendo wonse mwatsopano chifukwa anaiwala batani limodzi?

Mlongo wanga ndinamuuza kuti, "Achemwali, kompyuta sindilanda. M'kati mwa sabata isayake mpaka ntchito ya kusukulu mwaiona ndi maso anu. Loweruka ndi lake, mayunitsi a tsikulo ndizigula ine. Kope la History likafika pamene pafika la ndegeli, ndidzamugulira kandodo katsopano, kakeka kamangidwa ndi mphira." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti amuna nonse ndinu amodzi, kenako anapita kukapakula.

Loweruka lapitali anandiitananso mwanayo kuti tikapite ku Johannesburg, ine ndikhale wowerenga checklist. Sindinadumphe mzere ndi umodzi womwe. Tinadutsa Tete bwinobwino, tili pa 36,000, magetsi anazima.